KUMENE MAYI WOZUNZIDWA ANKAPITA KALE, NDI KUMENE ANGAPITE LERO

Amayi anzathu, pamene tikukumbukira zaka zimene gulu lathu layenda, nkoyenera kuti tiyang'anenso mbiri ya nkhani imene kaŵirikaŵiri timainong'ona chabe, ndiyo ya nkhanza za m'banja. Kodi mayi womenyedwa ankadandaula kwa yani?

Kale pakati pa Acheŵa, Amang'anja ndi Ayao mwamuna ndiye ankapita kwao kwa mkazi kukakhala pa chikamwini. Chotero mkazi anali pakati pa abale ake. Akamenyedwa, alongo ake ankamva kulira usiku womwewo, ndipo kutacha ankhoswe a mbali zonse ziŵiri ankakhala pansi kuweruza. Mkamwini wosamva ankapirikitsidwa pamudzi.

Komabe si zonse zimene zinali bwino. Anankungwi, ndiponso alangizi ambiri amene anabwera pambuyo pao, ankauza namwali kuti banja ndi kupirira, ndi kuti za m'nyumba saulula. Tsono pamene mabanja anayamba kusamukira m'matauni ndi ku minda ya tiyi ndi fodya, mkazi anapezeka ali kutali ndi ankhoswe, atangotsala ndi malangizo aŵiri aja. Apa magulu a amayi a m'mipingo, monga Chigwirizano chimene chinayamba mu 1940, Mvano ndi Umanyano, anakhala ngati abale atsopano a mayi wotere.

Boma linaloŵapo mochedwa. Mu 2001 apolisi anatsegula maofesi othandiza ozunzidwa otchedwa Victim Support Unit. Mu 2006 Nyumba ya Malamulo inavomereza lamulo loletsa nkhanza za m'banja. Lamuloli limati nkhanza si kumenya kokha ai. Kutukwana, kuopseza, kukakamiza kugonana ndi kumana mkazi thandizo ndi nkhanzanso. Khoti lingathe kuletsa wankhanzayo kuyandikira mkazi, ngakhalenso kumtulutsa m'nyumba. Mu 2011 kunabwera lamulo loteteza amasiye kwa olanda chuma. Ngakhale zinali choncho, kafukufuku wa boma wa 2015 ndi 2016 anapeza kuti mwa amayi 100 alionse amene anakwatiwapo, 42 anachitidwapo nkhanza ndi amuna ao.

Chinthu china chimene chinatenga nthaŵi kuti chizindikirike ndi bala la mumtima. Chilonda cha pathupi chimapola, koma mayi amatsala wosagona tulo, wodzidzimuka chitseko chikangomveka, wodwala mutu kosalekeza, wodziyesa wachabechabe. Ena amafika poganiza zodzipha. Kale tinkangoti ndi maganizo. Lero tikudziŵa kuti aŵa ndi matenda ofuna chithandizo. Kuli aphungu ophunzitsidwa bwino, monga a St John of God ku Mzuzu ndi ku Lilongwe, ndiponso malo a Chikwanekwane pa zipatala zazikulu monga cha Queen Elizabeth, pamene dokotala, wapolisi ndi phungu amapezeka pamodzi.

Koma mayi safika yekha ku malo ameneŵa. Amayamba wauza mnzake mmodzi. Tsono ngati mnzakeyo ndinu, mumvetsereni mpaka atsirize. Musamfunse kuti, "Mwawalakwira chiyani bambo?" Mfunseni ngati iye ndi ana angagone bwino usiku umenewo. Nkhani yake isamveke pa mjigo kapena pa maliro. Musamkakamize kubwerera kapena kuchoka, pakuti moyo ndi wake; koma akavomera, mperekezeni kuchipatala ndi kupolisi. Ntchito imene alongo ake ankagwira pamudzi paja yatsalira ife.