Malire pa kugulitsa masheya m'kampani ya anthu ochepa

Lamulo la Companies Act la 2013 limasiyanitsa kampani yotsegukira aliyense ndi kampani ya anthu ochepa. Yachiwiriyi siloledwa kukhala ndi eni masheya oposa 50 kapena kutsatsa masheya ake kwa anthu onse, monga amachitira makampani a pa Malawi Stock Exchange.

Malamulo oyendetsera kampani yotere amaikanso malire pa kugulitsa. Kawirikawiri wogulitsa amayenera kuyamba wapatsa mwayi eni masheya anzake. Iwo akakana, m'pamene angafune munthu wapadera. Ndondomekoyi ikaphwanyidwa, bodi ingathe kukana kulemba wogulayo m'kaundula wa masheya, ndipo dzina lisanalowe m'kaundulamo iye alibe voti pamsonkhano ngakhale atalipira kale. Choncho wogula ayenera kuwerenga malamulo a kampaniyo asanapereke ndalama.