Yamamoto, munthu amene ankaidziwa America

Munthu amene anakonza chiwembu cha ku Pearl Harbor pa 7 December 1941 sanali mlendo ku America ayi. Isoroku Yamamoto anaphunzira ku Harvard kuyambira 1919 mpaka 1921, kenako anagwirako ntchito ku ofesi ya kazembe wa Japan ku Washington. Mafakitale ndi zitsime za mafuta anaziona ndi maso ake. Nkhondonso ankaidziwa: zala zake ziwiri zinaduka pa nkhondo ya ku Tsushima mu 1905, akadali mnyamata.

Kwawo anauza akuluakulu mosapsatira kuti Japan singapirire nkhondo yaitali ndi America. Enanu mukudziwa mmene zimakhalira ukabwerera kumudzi ndi nkhani imene anthu sakufuna kumva. Okonda nkhondo ankafuna kumupha, moti mu 1939 anamutumiza kunyanja kukatsogolera gulu lalikulu la zombo zankhondo.

Koma nkhondo itayandikira, yemweyo ndiye anaumirira zokaphulitsa Pearl Harbor. Apa ine sindimuikira kumbuyo. Patangotha miyezi 6, ku Midway, anataya zombo zinayi zonyamula ndege. Pa 18 April 1943, asilikali a America, atatulukira mauthenga achinsinsi a Japan, anadikirira ndege yake ku Bougainville n'kuigwetsa.