Kuchokera m'chipanda cha chambiko kufika m'kakapu ka ayisikilimu

Sabata ino tiyeni tikwere basi ya pa msewu wa M1, titsike pa Ntcheu boma dzuwa la mu Okutobala lili paliwombo. Simuchedwa kumuona mnyamata atanyamula kabokosi kozizira, akuitanira mafilizesi a malambe. Mukalowa m'sitolo mupeza filiji ikulira chapansipansi, m'katimo muli timakapu ta ayisikilimu. Mwana wanu akukokani malaya, inu nkuti, "Aaa, ndi mkaka womwewu, msiyeni adye, anenepe." Ine funso langa lagona pa mawu amenewo. Ndi mkakadi?

Boma limeneli linaudziwa mkaka filiji isanabwere. Angoni a kwa Maseko, amene anachokera kummwera m'zaka za m'ma 1800 nkudzakhazikika cha ku Domwe ndi Lizulu, anali anthu a ng'ombe. Mkaka ankauthira m'chipanda nkuusiya kuti usase. M'chilankhulo chawo ankautcha amasi, ife timati chambiko. Nzeru yake inali yakuti mkaka wosasa suonongeka msanga ngakhale kunja kutenthe. Inkosi Gomani woyamba pophedwa ndi Angelezi mu 1896, ku Ntcheu kunalibe chipangizo chilichonse choumitsira madzi, koma anthu ankadya zamkaka popanda kuthiramo shuga.

Ayisikilimu ali ndi kwawo. Maphikidwe ake oyambirira olembedwa m'mabuku amapezeka ku Italy ndi ku France m'zaka za m'ma 1600, ndipo ankadya ndi mafumu ndi mabwana okhaokha, chifukwa madzi oundana ankachita kukatenga kumapiri nkuwasunga m'maenje. Madzi oundanawo anafika posanduka malonda. Mu 1833 Frederic Tudor anawatumiza pa sitima yapamadzi kuchokera ku Boston mpaka ku Calcutta. Mu 1843 mayi wina wa ku Philadelphia, Nancy Johnson, analembetsa chipangizo chake chopukusa ndi dzanja: mkaka m'kati, madzi oundana osakaniza ndi mchere kunja. Mu 1851 Jacob Fussell, wogulitsa mkaka ku Baltimore, ataona kuti kirimu akumutsalira nkumaonongeka, anayamba kupanga ayisikilimu wochuluka wogulitsa motchipa. Taonani, chiyambireni cholinga chinali kupulumutsa malonda. Zodyetsa ana kuti akule bwino sizinali m'mutu mwake.

Kuno kwathu panafunika zinthu zitatu kuti kakapu kaja kafike pa Ntcheu: magetsi, shuga ndi mkaka wa m'fakitale. Magetsi a pa Nkula anayamba mu 1966. Chaka chomwecho fakitale ya shuga inatsegulidwa ku Nchalo, ndipo ya ku Dwangwa inatsatira kumapeto kwa zaka za m'ma 1970. Mafakitale a mkaka poyamba anali a boma, kenako anagulitsidwa kwa makampani kumapeto kwa zaka za m'ma 1990, ndipo mkaka wambiri umachokera kwa alimi ang'onoang'ono a ku Thyolo, Mulanje, Chiradzulu ndi Blantyre. Mafilizesi aja ndi mng'ono wake wa ayisikilimu amene anabadwa filiji italowa m'nyumba za anthu wamba.

Tsopano titsegule kakapuko. Mawu oti kalori amene mumawaona pa chivundikiro ndi muyezo wa mphamvu imene chakudya chimapereka m'thupi. Anautchukitsa ndi Wilbur Atwater wa ku America m'zaka za m'ma 1890, ndipo kawerengedwe kake ndi kosavuta: galamu imodzi ya shuga kapena sitachi imapereka makalori 4, ya zomanga thupi 4, ya mafuta 9.

Magalamu 100 a ayisikilimu wa vanila, komwe ndi kakapu kamodzi kodzaza, amakhala ndi mafuta pafupifupi magalamu 11, shuga ndi zina za mtundu wake magalamu 24, zomanga thupi magalamu atatu ndi theka. Werengani nokha: 99 kuphatikiza 96 kuphatikiza 14. Mupeza makalori opitirira pang'ono 200. Pa 200 amenewo, ochokera ku zomanga thupi ndi 14 basi. Enawo ndi mafuta ndi shuga.

Ndiye tengani mkaka weniweni wopereka makalori 200 omwewo. Ndi mamililita pafupifupi 330. Mmenemo muli zomanga thupi zopitirira magalamu 10, kuwirikiza katatu za mu ayisikilimu, ndipo kashiamu wolimbitsa mafupa nayenso ndi wowirikiza pafupifupi katatu. Shuga wothira mulibe. Mtedza wodzaza chikhatho, magalamu 35, ulinso ndi makalori pafupifupi 200 ndi zomanga thupi magalamu 9. Mbatatesi yophika ya pa Tsangano, magalamu 100 ake ali ndi makalori osafika 90, ndipo imakhalitsa m'mimba.

Shuga wa m'kakapu kaja ndi magalamu pafupifupi 21, masipuni ang'onoang'ono asanu. Wina pang'ono ndi wachibadwa wa mu mkaka, koma wambiri ndi wochita kuthira. Mu 2015 bungwe la WHO linalangiza kuti shuga wothira asapitirire gawo limodzi mwa magawo khumi a makalori a tsiku. Kwa munthu wamkulu ndi magalamu pafupifupi 50, kwa mwana ndi ochepera apo. Onjezani tiyi wa m'mawa wa masipuni atatu ndi chakumwa chozizira masana, malire mwawadumpha dzuwa lisanalowe.

Pali zina ziwiri zimene ambiri sitidziwa. Ayisikilimu amamupopera mpweya kuti afewe, ndipo mwa wotchipa kwambiri theka la kapu limatha kukhala mpweya. Chachiwiri, ena mwa amene timagula sathiramo mafuta a mkaka koma a zomera monga kanjedza. Nchifukwa chake muzitembenuza kapu nkuwerenga. Chimene chalembedwa koyamba pa mndandanda ndicho chachuluka. Yang'ananinso chizindikiro cha Malawi Bureau of Standards ndi tsiku lothera ntchito. Poti magetsi athu mumawadziwa, muja anavutira chimphepo cha Ana chitaononga Kapichira mu Januwale 2022, mukapeza ayisikilimu wokhala ndi timibulu ta madzi oundana pamwamba kapena wophwa m'kapu, dziwani kuti anasungunuka nkuumanso. Musiyeni ameneyo.

Mwina mukuti, nkhani ya kakapu kamodzi mpaka kuitalikitsa chonchi? Chifukwa dziko lathu lasenza mitolo iwiri. Kafukufuku wa zaumoyo wa 2015 mpaka 2016 anapeza kuti ana 37 mwa 100 aliwonse osakwana zaka zisanu ndi opinimbira. Kafukufuku wina wa 2009 anapeza kuti akuluakulu oposa asanu mwa 100 ali ndi matenda a shuga. Mwana wopinimbira amasowa zomanga thupi, ndipo wamkulu wa shuga sakufunikanso masipuni ena asanu. Ayisikilimu sathandiza aliyense mwa awiriwa.

Sindikuti musamadye ayi, nanenso ndimanyambita. Pa Khirisimasi, pa tsiku lobadwa, mwana akakhoza mayeso, mugulireni adye mosangalala. Koma mumutchule dzina lake lenileni: ndi switi wozizira. Ndalama ikakhala imodzi yokha ndipo mukufuna mwana akule, agogo a ku Lizulu aja anatisiyira kale yankho m'chipanda.

Inu ayisikilimu munamulawa koyamba kuti, muli ndi zaka zingati? Tiuzeni. Tionanenso sabata yamawa.