Zombi

Mawu akuti zombi anafala kuchokera ku Haiti, dziko la zidzukulu za akapolo ochokera ku Africa. Kumeneko zombi ndi munthu wakufa amene mfiti yamudzutsa kuti aziigwirira ntchito, osalankhula, osalipidwa. Ife timati ndondocha. Choopsa chake chinali ukapolo wokutsatira mpaka kumanda.

Hollywood inatola mawuwa mu 1932 m'filimu ya White Zombie, koma chisoni chonse chinapita kwa mkazi wachizungu; akuda ankangozungulitsa chigayo cha nzimbe. Zimandiwawa. Mu 1968 George Romero anapatsa Duane Jones, munthu wakuda, gawo lalikulu m'filimu ya Night of the Living Dead. M'filimuyi, Jones amalimbana ndi akufa usiku wonse n'kupulumuka, kutacha azungu amfuti n'kumuwombera.

Mukamaonera mafilimu a mazombi, muzikumbukira anthu a ku Haiti.