Lupanga la Samurai, Chishango cha Mngoni

Mu 1876 boma la Japan linaletsa asamurai, ankhondo akale a dzikolo, kuyenda ndi malupanga. Mu 1877 Saigō Takamori anawatsogolera pogalukira boma, koma anagonja. Lero malupangawo amaonetsedwa ku Tokyo National Museum, ndipo luso lawo linatsalira m'masewera a kendo.

Kuno kum'mawa zinachitikanso chimodzimodzi. Angoni anawoloka Zambezi ndi Zwangendaba mu 1835, koma mfuti za Angerezi zitagonjetsa Nsingo mu 1898, nkhondo ya nthungo inatha. Chishango chinapulumukira m'gule wa ingoma.

Ku Lundazi alendo amathamangira kukajambula Castle Hotel, imene Errol Button anamangitsa motengera malinga a ku Ulaya. Chikhalirecho mbiri yathu ya nkhondo ili m'manja mwa madoda ovina ingoma. Iwowa akatha tisanalembe zimene akudziwa, chishango chidzangotsala chikopa cha ng'ombe.