Nkhokwe ya M'nthaka ndi Chikwatu cha Kudenga

Mlendo wochokera ku Dedza kapena ku Kasungu akafika ku Tukombo, kumwera kwa boma la Nkhata Bay, amayamba wazunguza maso kuseri kwa nyumba, nadzifunsa chamumtima kuti, kodi anthu ameneŵa nkhokwe zao zili kuti? Kwao kumtunda khomo lopanda nkhokwe ndi la mlesi kapena la wamasiye. Kuno kunyanja makomo ambiri adakhala zaka ndi zaka opanda nkhokwe, ana nkumagona okhuta. Nkhokwe ya Atonga idali m'nthaka, ndipo ndiwo zinkamera pamwamba pa nkhokwe yomweyo. Mtengo ndi umodzi, wa chinangwa: mizu yake ndiyo nsima ya kondowole, masamba ake ndiwo chigwada.

Chandikumbutsa zimenezi ndi kamtengo kachilendo kamene ndidakaona pa khomo lina kumeneko, kobzalidwa mu mphika wosweka. Dzina lake ndi rosemary. Masamba ake ndi aang'ono, osongoka ngati singano, ndipo ukaŵafikisa m'manja fungo lake silichoka msanga. Mwini wake adachita kupatsidwa nthambi ndi mbale wao wophika ku malo ogona alendo ku Kande, tsono funso lao lidali lakuti, masamba ameneŵa nkuŵasunga bwanji? Kodi nkuŵafutsa ngati chitambe? Funsolo ndi laling'ono, koma likutibwezera ku mbiri ya m'mene anthu a m'mbali mwa nyanja muno adasungira chakudya chao.

Chinangwa nachonso chidabwera ngati mlendo. Kwao ndi ku South America, ndipo Apwitikizi ndiwo adachifikitsa ku gombe la Congo m'zaka za m'ma 1500. Chidayenda pang'onopang'ono, nthambi ndi nthambi, kuchoka m'manja mwa munthu kupita m'manja mwa mnzake, mpaka kudzafika ku nyanja yathu. Mtengo wake weniweni udaoneka pa nthaŵi ya nkhondo. Angoni a M'mbelwa atakhazikika kumapiri cha m'ma 1855, adayamba kutsikira kunyanja kudzalanda chakudya ndi anthu. Cha m'ma 1875 Atonga ambiri amene adaali m'manja mwa Angoni adathaŵa kubwerera kwao, ndipo posakhalitsa adagonjetsa gulu lankhondo limene lidaŵalondola, pa mtsinje wa Chintheche. Komabe mtendere sudabwere tsiku limenelo. Anthu adaunjikana m'malinga, monga la Mankhambira ku Chintheche ndi la Marenga ku Bandawe, ndipo umu ndi m'mene a mishoni ya Livingstonia adaŵapezera pamene adasamukira ku Bandawe m'chaka cha 1881.

Taganizani za munthu wokhala m'linga. Nkhokwe ya chimanga kapena ya maŵere adani angathe kuipula ndi kuitentha usiku umodzi. Munda wa chinangwa sungasenzedwe. Wofuna kudya chinangwa choŵaŵa ayenera kukumba, kusenda, kuviika m'madzi masiku angapo kuti ululu wake uchoke, kuyanika, kenaka kusinja. Munthu wankhondo alibe nthaŵi yotere. Mwini munda yekha ndiye amabwera mwakachetechete, nakumba zokwanira sabata imodzi, zotsalazo nkuzisiya m'nthaka, m'mene zingakhale chaka china osaonongeka.

Kuŵaŵa kumeneku anthu akunja adakhala akukuyesa chilema, nkumadabwa kuti bwanji alimi a kuno sasiya mitundu yoŵaŵa monga Gomani ndi kubzala yozuna yokhayokha monga Mbundumali. Yankho lidalembedwa bwino m'chaka cha 1998 ndi Linley Chiwona-Karltun ndi anzake, amene adacheza ndi alimi a m'boma la Nkhata Bay. Amai adanena mosabisa kuti chinangwa choŵaŵa mbala siichita nacho chidwi, anyani ndi nguluŵe amachileka, ndipo ngakhale a m'banja momwemo sangangochizula kuti akazinge kapena akagulitse. Kuŵaŵako ndiye loko wa nkhokwe, ndipo kiyi wake amasunga ndi mai amene amadziŵa kuviika.

Nkhondo zitatha, nkhokwe ya m'nthaka idagwiranso ntchito ina. Kuyambira m'zaka za m'ma 1880 amuna a Chitonga adayamba kupita kutali kukagwira ntchito: ku Blantyre poyamba, kenaka ku Salisbury, ku Bulawayo ndi ku Johannesburg. Clements Kadalie wa ku Chifira, amene adayambitsa bungwe la anthu apantchito ku Cape Town m'chaka cha 1919, adali mmodzi chabe mwa ambirimbiri. Jaap van Velsen, amene adakhala pakati pa Atonga m'zaka za m'ma 1950, adapeza kuti mwa amuna 100 alionse, 60 mpaka 75 sadaali pamudzi. M'madera ena a chimanga kuchoka kwa amuna kotere kukadadzetsa njala. Kuno midzi idaima, chifukwa chinangwa sichifuna kuti ntchito yonse igwiridwe mwezi umodzi. Mai ankapanga mitumbira pang'onopang'ono, kubzala nthambi, kukumba pofuna kudya, ndi kuthyola nsonga zanthete za chigwada pafupifupi chaka chonse. Mbiri imatchula maina a amuna amene adapita. Amene adadyetsa mudzi ndi amai amene adatsala, ndipo maina ao sadalembedwe.

Kumtunda zinthu zidali zina. Kumeneko mvula ikatha masamba amauma, ndipo kuyambira Ogasiti mpaka Novembala ndiwo zimasoŵa. Nchifukwa chake amai a kumtunda adakulitsa luso la mfutso. Amathyola chitambe, khwanya kapena nkhwani nthaŵi ya dzinja ikamatha, naziŵiritsa pang'ono, naziyanika pa mphasa mpaka zitauma gwa. Akatero amazikulunga m'masamba a msuku, nazimanga ndi luzi kukhala chikwatu, nkuchipachika kudenga la khitchini kumene utsi umaingitsa tizilombo. Pamene Dr B. S. Platt ndi gulu lake adafufuza za kadyedwe ka anthu m'boma la Nkhotakota mu 1938 ndi 1939, adayerekeza midzi ya kumapiri ndi wa kunyanja wodya chinangwa. Mmodzi wa gululo, Jessie Williamson, adadzalemba buku la zomera zothandiza za m'dziko muno limene lidatuluka mu 1955, ndipo kasungidwe ka masamba kameneka kadaloŵa m'menemo.

Sikuti a kunyanja sankadziŵa kufutsa ai. Usipa wofutsa ndi umboni: amauviika m'madzi oŵira kanthaŵi kochepa, nkuuyanika pa thandala. Luso ndi lomwelo, kungoti kuno lidapita ku nsomba. Masamba panalibe chifukwa chenicheni choŵasungira, poti munda unkapereka aaŵisi. Munthu sasunga madzi mu mtsuko waukulu pamene nyanja ili pakhomo.

Tsono kudabwera kodikodi. Kachilombo koyera ngati ufa kameneka kadaoneka koyamba mu Africa m'chaka cha 1973, kufupi ndi Kinshasa ndi Brazzaville, katabwera pa nthambi za chinangwa zochokera ku South America. Kwao kadasiya adani ake onse, choncho kuno kadaswana popanda choletsa. Kadafika m'boma la Nkhata Bay cha m'ma 1985, ndipo mu 1986 ndi 1987 minda yambiri idatheratu. Choŵaŵitsa mtima nchakuti kodikodi amayambira kunsonga, pamene pali masamba anthete omwe aja a chigwada. Nsonga zimafota ndi kupiringizika, masamba amayoyoka, ndipo mtengo wopanda masamba sungakulitse mizu. Nsima ndi ndiwo zidapita pamodzi, ndi nthambi zobzala zomwe. Anthu amene makolo ao adapulumuka nkhondo chifukwa cha chinangwa adaima pa mzere kulandira chimanga cha chithandizo. Kudenga kunalibe chikwatu, kuseri kunalibe nkhokwe.

Chipulumutso chidachokera komwe kudachokera mliriwo. M'chaka cha 1981 akatswiri adapeza kwao kwa kachilomboka ku Paraguay, napezanso kamavu kochepa koposa nyerere, kamene kamaikira dzira m'thupi mwa kodikodi, mphutsi yake nkumudya m'kati. Hans Herren ndi anzake a ku bungwe la IITA ku Nigeria adaŵeta timavuto ndi kutimwaza m'maiko ambiri, Malaŵi yemwe, ndipo patapita zaka zoŵerengeka minda idabiriŵiranso. Herren adalandira mphotho ya World Food Prize mu 1995. Kuyambira nthaŵi imeneyo mabanja ambiri a kunyanja amalimako ndi chimanga pambali pa chinangwa, ndipo ine ndiyesa kuti chikwatu nachonso chiyenera kupatsidwa malo ake kudenga, ngakhale m'chaka chimene chigwada chili mbwee.

Nanga mlendo wathu wa mu mphika wosweka uja? Iyeyu kwao ndi ku magombe ouma a nyanja ya Mediterranean, ndipo dzina lake lidachokera ku mau a Chilatini akuti ros marinus, ndiye kuti mame a kunyanja. Akhristu akale adaali ndi nthano yakuti Amai Maria pothaŵira ku Egypt adayanika chofunda chao pa chitsamba chimenechi, maluŵa ake oyera nkusanduka obiriŵira ngati thambo. Imeneyo ndi nthano chabe, m'Malembo mulibe, koma ikuonetsa m'mene ankachikondera. Cha m'ma 800 mfumu Charlemagne idalamula kuti chizibzalidwa m'minda yake, ndipo pa mapu a nyumba ya amonke osungidwa ku St Gall m'dziko la Switzerland, ojambulidwa cha m'ma 820, chili pakati pa zitsamba 16 za m'dimba la mankhwala. Ophika a ku Ulaya ankachiika pa nyama, ndipo sadalakwe: akatswiri a masiku ano adapeza kuti m'masamba ake muli zinthu zochedwetsa mafuta kuti asasase, kotero kuti mu 2010 maiko a European Union adavomereza kuti ziziikidwa m'zakudya zogulitsa.

Yankho la funso la mai uja ndi lakuti rosemary safutsidwa. Ubwino wake uli m'mafuta onunkhira a m'masamba, ndipo madzi oŵira kapena dzuŵa la pa thandala zimaŵathamangitsa. Dulani nthambi m'maŵa mame atauma, osapyola gawo limodzi mwa magawo atatu a chitsambacho. Zimangeni timitolo ting'onoting'ono, nkuzipachika pa mthunzi popita mphepo sabata imodzi kapena ziŵiri. Masamba akayamba kuthyoka okha poŵagwira, apululeni, muŵaike m'botolo louma lotseka bwino, kutali ndi kuŵala. Ena amaŵasinjira pamodzi ndi mchere, nkumawaza pa chambo kapena kampango pootcha; pang'ono pokha, chifukwa akachuluka amaŵaŵa. Mdani wake kuno ndi chinyezi. Nkhata Bay ndi boma la mvula yambiri, yochedwa kusiya, tsono kuumitsa kumayenda bwino kuyambira Juni mpaka Okutobala, ndipo chitsambacho chimafuna dothi la mchenga pa mtumbira wokwera, pamene madzi saima.

Kabzalidwe kake mai aliyense wa ku Tukombo akukadziŵa kale, pakuti nkofanana ndi ka chinangwa: nthambi yotalika ngati chikhato, yopululidwa masamba a m'munsi, nkuizika m'dothi lonyoŵa pang'ono. Imayenda monga chidayendera chinangwa, kuchoka pa khomo ili kupita pa khomo ilo. Mai uja polandira yake adaitembenuza kaŵiri, nayang'anitsitsa kunsonga ndi kunsi kwa masamba ngati pali toyera tonga ufa. Adaali mtsikana wamng'ono mu 1986.