Kuyendera Odwala M'makomo ku Kachulu ndi pa Nyanja ya Chilwa

Pa masamba ano tikufuna kukumbukira pamodzi mmene ntchito yopita kwa wodwala kunyumba kwake idayambira ndi kukulira kudera la Kachulu, dooko lija la kumadzulo kwa nyanja ya Chilwa m'boma la Zomba. Ambiri a ife Kachulu timamudziwa chifukwa cha matemba, makumba ndi milamba, ndiponso mabwato opita ku chilumba cha Chisi. Koma mbiri ya matenda ndi chithandizo kumeneko siikambidwa kawirikawiri.

Mzungu woyamba kulemba za nyanjayi anali dotolo, ndiye David Livingstone, amene adaiona mu April 1859 ali ndi mnzake John Kirk. Iye adangodutsa. Ntchito yokhazikika idadza pamene Eklesia wa ku Scotland adatsegula Mishoni ya Blantyre mu 1876, ndipo mu 1884 Alexander Hetherwick adakakhala ku Domasi, pafupi ndi mtsinje wa Domasi umene umathira m'nyanja yomweyi. Masiku amenewo mankhwala amapezeka pamishoni pokha, kotero kuti munthu wa kugombe akadwala kwambiri abale ake amayenera kumunyamula pamachira ulendo wautali, ndipo ambiri sankafika n'komwe.

Amene adaona msanga kuti dotolo mmodzi sangakwanire dziko lonse anali Dr Neil Macvicar, amene adafika ku Blantyre mu 1896 nayamba kuphunzitsa ana a dziko lino za mankhwala. Wophunzira wake wodziwika koposa anali John Gray Kufa, mmodzi wa madikoni oyamba achikuda a mishoniyo. Atakhoza mayeso ake, Kufa adatumidwa kudziko la Alomwe, kum'mawa kwa nyanja ya Chilwa, kukachiritsa anthu kwao komweko. Boma la Atsamunda lidamupha mu 1915 pa nkhani ya John Chilembwe. Ife tikuona kuti dzina lake liyenera kutchulidwa koposa mmene timachitira, pakuti iyeyu ndiye adali pakati pa oyamba kunyamula bokosi la mankhwala kupita nalo kumudzi.

Tsono nyanja ya Chilwa ili ndi khalidwe lakelake. Ndi yosaya, ilibe mtsinje wotulutsa madzi, ndipo yazunguliridwa ndi njedza zowirira. Idaphwa mu 1968 ndi mu 1995, ndipo mu 2018 anthu adaonanso mabwato atakhala pamatope ouma pa Kachulu. Madzi akabwerera, nsomba zimabwerera, ndipo asodzi amakhamukirako kuchokera ku Zomba, Machinga, Phalombe ngakhale ku Mozambique. Ena a iwo amamanga timisasa toyandama pa njedza, totchedwa zimbowera, nakhala mmenemo masabata ambiri osaponda pamtunda. Madzi akumwa ndi omwewo, ophikira ndi omwewo, ndipo chimbudzi ndi momwemo. Nanga munthu wotere akayamba kutsegula m'mimba usiku, chipatala achipeza kuti? Likodzo ndi malungo nazonso sizichoka m'midzi ya m'mbali mwa nyanjayi.

Kolera adalowa m'Malawi muno mu 1973. Pofuna kulimbana naye, Boma lidalemba anthu oyenda m'midzi khomo ndi khomo, kuona zitsime, kulangiza za zimbudzi ndi kufufuza odwala. Amenewa ndiwo makolo a alangizi a zaumoyo amene timawaona pa njinga m'midzi mwathu. Kolera amapha pomaliza madzi m'thupi, nthawi zina tsiku limodzi lokha, motero mankhwala ake oyamba ndi madzi aukhondo osakaniza bwino ndi mchere ndi shuga, kumwetsa wodwala pang'onopang'ono osaleka. Chinthu chophweka chotere chimapulumutsa moyo pokhapokha pakhale wina pakhomopo wochidziwa.

Pamene matenda a Edzi adapezeka m'dziko lino mu 1985, zipatala zidadzaza ndipo odwala ambiri adabwezedwa kukagona kunyumba. Apa mipingo idanyamula katundu wolemera. Amayi a m'magulu a mipingo yosiyanasiyana, pamodzi ndi ena odzipereka, adayenda m'makomo kusambitsa odwala, kuchapa zofunda, kutunga madzi, kuphika phala ndi kupemphera nawo. Ambiri mwa amayiwa analibe ngakhale magolovesi. Mankhwala otalikitsa moyo aulere adayamba kuperekedwa mu 2004, ndipo ntchito ya oyendera idasanduka yokumbutsa anthu kumwa mankhwala pa nthawi yake.

Nthawi ndi nthawi kumabweranso alendo a mipingo ya kunja, anamwino ndi madotolo, amene amakhala masiku owerengeka nayendera mabanja. Timawathokoza ndithu. Komabe tinene mosabisa kuti mlendo wa sabata imodzi sadziwa khomo limene muli gogo wosayenda, sadziwanso chinenero, ndipo amene amamutsogolera ndi kutsala ndi wodwalayo iye atapita ndi mayi wa m'mudzi momwemo kapena mlangizi wa zaumoyo.

Chitsanzo chokoma cha kukhulupirira eni dera chidaoneka mu 2016. Kolera atabuka pa nyanjayi kumapeto kwa 2015, Unduna wa Zaumoyo pamodzi ndi bungwe la Médecins Sans Frontières adakonza zopereka katemera wakumwa, amene amafunika kumwa kawiri motalikitsa masabata awiri. Vuto lidali lakuti msodzi amene wampeza lero, pakatha masabata awiri sudzampezanso pamalo omwewo. Choncho a zaumoyo adapalasa mabwato kukafika ku zimbowera, namwetsa asodzi katemera woyamba, ndi kuwasiyira wachiwiri m'kathumba kuti adzamwe okha tsiku likakwana. Pa zilumba, katemera wachiwiri adasiyidwa m'manja mwa atsogoleri a m'midzi. Njira imeneyi idalembedwa m'magazini a zaumoyo a dziko lapansi, ndipo dzina la nyanja ya Chilwa lidamveka kutali.

Kolera adabweranso mwamphamvu mu March 2022, kuyambira ku Machinga pambuyo pa namondwe Ana, nafalikira m'maboma onse a dziko lino. Pofika pakati pa 2023 anthu oposa 1,700 anali atamwalira.